Mbale Yovundikira pa Pasaka

Lolemba, 6 Epulo 1981, Kabwata

Mvula yatha. Fumbi layamba kale mumsewu, m'mawa kamphepo kozizira.

Bana Kampamba, mkazi wanga, mayi ake a Kampamba, atulutsa bokosi lawo lachitsulo pansi pa bedi, alipukuta, aliyanika padzuwa chotsegula. Lomwe lija anabwera nalo kuchokera ku Luapula tikukwatirana. Ndafunsa ngati mwalowa mphemvu. Ati mphemvu mulibe, muli ulendo.

Akupita ku Mansa kwa mkulu wawo Virginia, Lachiwiri Pasaka ikangotha. Virginia ndi wamasiye, munda wa chinangwa wamukulira. Zomveka. Ndafunsa za tsiku lobwerera. Ati, "Sininakambe zobwela, Bashi Kampamba. Bana banakula. Ine nalema kupikila mbale."

Kuphikira mbale. Ndamva bwinobwino, koma ndinakhala ngati ndikusaka sokosi. Sakunama. Chakudya changa ndimachipeza patebulo, mbale ina itavundikira inzake, nyumba yonse ili zii. Ntchito yoonetsa kanema ndi yotero. Anthu akapuma ndi pamene ife timagwira. Kuyambira nthawi ya chitaganya, kaya ndi Khirisimasi, Pasaka, tsiku la ufulu, ine ndili m'kachipinda kam'mwamba kuseri kwa makina, diso pakabowo.

Sanakalipe. Bola akanakalipa, ndikanadziwa poyankha.

Mafuta ophikira akusowabe m'mashopu. Sopo wapezeka, uja woyabwa.

Lachitatu, 8 Epulo

Masana filimu ya mateche, ya karate ija, ana othawa sukulu adzaza holo. Madzulo ya Chimwenye. Nyali ya makina akumanzere ikuphethira.

Ganizo landibwerera nyimbo ya fuko ikulira, anthu ataimirira: ndiwatengere Bana Kampamba kukanema tsiku la Pasaka. Anakhalamo komaliza ali ndi pakati pa mwana wathu wamkazi Keziah, ndipo anagona. Ndiwapezere filimu yonga za Khirisimasi zija. Ndaonetsa zambirimbiri, nkhani yake imodzi: bambo watanganidwa ndi ntchito, ana akulira, mayi wakwiya, kenako bambo uja akuthamanga m'chipale chofewa timaphukusi m'manja, chitseko chatseguka, onse kutebulo. Aone okha kuti abambo amafika ndithu. Ine pakamwa m'polemera. Filimu indilankhulire.

Ndapempha buku la ogulitsa mafilimu kwa Ba Chomba, manijala wathu. Tsamba ndi tsamba. Za Khirisimasi mbwee. Za nkhondo, za akuba ng'ombe a zipewa zazikulu, za chikondi. Za Pasaka ziwiri zokha: ya masautso a Ambuye yomwe timaonetsa chaka ndi chaka, ndi kakatuni ka ana a Azungu akusaka mazira opaka utoto m'maluwa. Kuno dzira ulipeze movutikira, ulipakenso utoto, ukalibise m'tchire?

Ya banja likudyera pamodzi pa Pasaka palibe. Ngakhale imodzi.

Ba Chomba aseka mpaka kutsokomola. Ati, "Ba Dunstan, Pasaka ni malilo. Nindani angagule tiketi kuti aone banja ikudya mupunga?"

Lachisanu, 10 Epulo

Nkhaniyi sikundichoka. Ndi yopusa, ndikudziwa.

Khirisimasi ili ndi khanda. Khanda aliyense amadziwa chochita nalo: kubwera, kulinyamula, kusiya kamphatso, kudya. Pasaka ili ndi maliro Lachisanu, Loweruka khalani chete, Lamulungu manda opanda munthu. Opanga mafilimu asowa poika tebulo. Chonsecho kwathu ku Katete ndi Pasaka imene inkasonkhanitsa anthu. Masiku anayi opuma, chimanga chachiwisi, maungu, mtedza, misewu youma, a kutauni akutsika m'mabasi ndi shuga. Khirisimasi kwathu ndi matope ndi njala. Koma makamera ali kwa eni chipale.

Ndawafotokozera Bana Kampamba pa tiyi, ngati nkhani chabe ya kuntchito. Amapinda zitenje, sanadzutse mutu. Ati, "Mufuna filimu ya chani? Yesu anabwelako pa siku yachitatu. Imwe tikali kulindila." Ndaseka. Iwonso aseka pang'ono. Kuseka kwawo sikunasinthe chiyambire.

Makina osokera apatsa Keziah. Zitini za maluwa apatsa aneba. Munthu wongokacheza kwa mkulu wake sagawa maluwa.

Lamulungu la Kanjedza, 12 Epulo

Iwo kutchalitchi, kanjedza m'manja. Ine tulo, kenako kuntchito.

Ba Chomba andiitana mu ofesi, pansi pa chithunzi cha a Pulezidenti atulutsa kachikwama kachikopa. Kamera yojambula zoyenda, yaing'ono ngati njerwa, anagula kunja atapita ndi gulu la Chipani. Filimu yake yatsala imodzi. Yaifupi, siikwana nthawi yowiritsa tiyi. Mawu siigwira. Kuno kulibe woitsuka, imapita kunja. Mlamu wawo akukwera ndege Lolemba la Pasaka, angaitenge. Ati ngati ndikufuna filimu ya banja pa Pasaka ndipange ndekha, ndisiye kuwathera buku. Ati kamera ikagwa pansi ndisabwerenso, ndingolunjika kumanda.

Ndainyamula ngati dzira. Zaka zonsezi ndikuonetsa za anthu ena, sindinajambulepo ngakhale nkhuku.

Za tsiku lopuma ndapempha Ezekiel, mnzanga wa pamakina. Iye ndi wa Sabata. Pasaka alibe nayo ntchito, Lamulungu kwa iye ndi tsiku ngati Lachiwiri, ndipo Loweruka lililonse ndimamugwirira ine. Wavomera ndisanamalize kulankhula. Wati, "Ba Dunstan, zaka zonse izi ninali kulindila chabe kuti mupempe. Simunapempepo."

Ndinapita kukapukuta magalasi oyera kale.

Lachiwiri, 14 Epulo

Ndadzera kuntchito kwa Kampamba, mwana wathu woyamba, nthawi ya chakudya chamasana. Abwere Lamulungu kuchokera ku Chelstone ndi mkazi wake Febby ndi khanda. Keziah ndamuimbira foni ku ofesi kwawo ku Longacres. Onse adye kunyumba, ajambulidwe.

Za ulendo wa mayi awo akudziwa. Anadziwa kale, ine ndisanamve. Ndaona pankhope.

Kampamba wati, "Batata, kamela ni yabwino, koma kambani nabo chabe Bamayo." Ndamuuza kuti avale zowala, zakuda sizituluka bwino pafilimu yamitundu. Wandiyang'ana monga amandiyang'anira mayi ake.

Kulankhula nawo, ndinene chiyani? Musapite? Akafunsa chifukwa? Nzeru yanga ndi iyi: filimu ikajambulidwa adzafuna kuiona. Kuti aione, adikire ibwere, kapena apite koma abwerere. Nyambo yake ndi imeneyo. Ndalemba apa kuti ndione ngati zikumveka zanzeru. Sizikumveka kwenikweni.

Lachitatu, 15 Epulo

Tsiku lopanda kanthu. Magetsi anazima pakati pa filimu, anthu kuimba malikhweru ndi kutukwana amayi anga.

Ndili mumdima ndakumbuka Mansa, nthawi imeneyo ikutchedwa Fort Rosebery. Ine mnyamata wa galimoto ya kanema ya boma, tikuonetsa za kukumba zimbudzi pabwalo la mpira. Anthu onse maso kuchinsalu. Mtsikana mmodzi yekha wafulatira chinsalu, akuyang'ana makina ndi ine. Nditamufunsa anati akufuna aone kumene anthuwo akutulukira. Exildah, Bana Kampamba a lerowa. Ndinaganiza kuti ndapeza mkazi wokonda makina.

Magetsi anabwera. Ndinayambira pomwe inalekera.

Lachinayi Loyera, 16 Epulo

Mzere wa mafuta kuyambira mbandakucha. Anaima ndi Bana Kampamba, abwera ndi botolo limodzi ndi mapazi otupa. Nkhuku ziwiri ndatenga ku Makeni kwa mnzake wa Ezekiel, zamoyo, m'basi zandichititsa manyazi. Pamsika anyamata a Chipani kufunsa makadi. Langa linali m'thumba, nkhuku sanazifunse.

Ndayeseza kamera yopanda filimu kuseri kwa nyumba. Imalira ngati njuchi m'chitini. M'nyumba ndi mumdima, siingajambule. Tebulo lituluke panja pafupi ndi mtengo wa mapeyala, dzuwa likhale kumsana kwanga.

Masana ndakonza filimu ya mawa. Yakalamba kuposa ine. Imaduka chaka chilichonse, makamaka kumapeto, ndipo ukalumikiza umataya kachidutswa. Kukwapulidwa kuli konse, mtanda uli wonse. Kuuka ndiye kwatha ndi lumo: mwala wagubuduka, kuwala, nyimbo, basi. Kale panali pamene Ambuye akuwotcha nsomba, akudya ndi ophunzira awo atauka. Ndinadula ndine chaka china patapsa. Ndi pokhapo pamene anthu ankadya mosangalala.

Lachisanu Loyera, 17 Epulo

Holo yodzaza masana ndi madzulo. Amayi a zitenje za mpingo, ana pamiyendo, fungo la chimanga chowotcha. Monga chaka chilichonse: Yudasi akaoneka, makoko a mtedza kuchinsalu. Pokwapula kulira kwenikweni, mayi wina wakomoka. Mwala usanagubuduke theka la anthu latuluka kuthamangira mabasi a ku Chunga ndi Matero. Kwa iwo Yesu amathera m'manda chaka ndi chaka.

Ine pakabowo ndimayang'ana mizere, fumbi ndi kadontho kapakona kondiuza kuti ndisinthe makina. Nkhani sindiona. Wina atandifunsa nkhope ya Pilato sindingainene, koma pamene pali chipsera ndikupadziwa.

Kunyumba mbale yovundikira. Nyemba, poti ndi Lachisanu. Mbale zomwe zija zachitsulo, zoyera za mkombero wabuluu, yapamwamba yosupuka utoto pambali. Ndazitsuka ndekha. Sindikumbuka kuti ndinazitsukapo.

Loweruka, 18 Epulo

Bokosi latsekedwa, loko watsopano. Tikiti anagula kale, ili m'Baibulo.

Ndayeza dzuwa. Ndadula nthambi imodzi ya mapeyala yotchinga kuwala. Iwo anandiyang'ana pawindo akusosola nkhuku.

Mantha.

Lamulungu la Pasaka, 19 Epulo

Ndinapita nawo ku Misa. Anthu kundipatsa moni ngati mlendo. Mayi wina wa kwaya wafunsa Bana Kampamba ngati ndine mlongo wawo wa ku Mansa wobwera kudzawatenga.

Tebulo panja, nsalu yoyera. Mpunga, nkhuku, chibwabwa chotendera (nkhwani), maungu, chakumwa munkoyo wa Febby. Keziah ndi wigi yatsopano. Kampamba suti ndi tayi, dzuwa lonselo.

Ndinawauza bwinobwino: khalani monga mwa masiku onse, idyani, sekani, ine musandione. Nditangokweza kamera, onse dzambatu! Aima mzere kutsogolo kwa tebulo, wamtali pakati, manja m'mbali, zibwano m'mwamba, monga amachitira kwa wojambula zithunzi wa ku Kamwala. Kamera ikulira, filimu ikutha, anthu ali chilili ngati asilikali pa tsiku la ufulu. Ndakuwa kuti yendani, iyi ndi ya zoyenda! Kampamba wayankha mano ali gwa, milomo yokha: "Batata, chizaonongeka tikasunta." Febby wapanikiza khanda pachifuwa kuti lisagwedezeke. Aneba pampanda nawonso aima njo, kuopa kuononga chithunzi cha eni.

Ana a woonetsa kanema. Anakulira m'nyumba yodyetsedwa ndi zithunzi zoyenda.

Bana Kampamba okha anakana mzere. Ati iwo si a bayisikopo, chakudya chizizira. Anali kumbuyoko ndi miphika yawo. Sindinawalabadire, ndimalimbana ndi asilikali anga.

Kenako kamera zii, filimu yatha. Ndi pomwepo onse anamasuka, kuseka, kukankhana, Keziah kuvina ndi khanda mpaka wigi kugwa. Zabwino zonse zachitika filimu itatha.

Ndinapsa mtima, osati pang'ono. Dzuwa litapendeka, filimu ikufunika kwa Ba Chomba ku Kabulonga lero lomwe, mabasi pa holide ndi amwayi. Ndinati ndibwera msanga, ayambe kudya. Njinga ya aneba, tcheni chinaduka pa Woodlands, kotsalako wapansi ndikuikankha. Ba Chomba anandigwira ndi botolo limodzi, kukana kunali kovuta.

Pobwerera ana atapita, tebulo litalowa m'nyumba. Mbale yovundikira. Ntchafu ndi nthutumba, andisungira zabwino. Ndadya ndekha.

Lolemba, 20 Epulo

Kunyumba mpaka nthawi ya filimu yamadzulo. Ndinawauza Bana Kampamba kuti yathu ibwera pakatha miyezi ingapo, yamitundu, bwanji aione kaye. Ati, "Muzaniuzako mwamene inasilila." Mmene inathera ndikudziwa kale: anthu anayi ndi mpanda.

Andisonyeza pamene pali mchere, pamene amabisa shuga, mayi amene amagulitsa makala osanyowa. Makiyi a kabati. Ndinafuna kunena kuti asapite. Ndinafunsa za mafuta a nyale.

Lachiwiri, 21 Epulo

Kamwala, pokwerera mabasi. Bokosi pamwamba pa basi, ndamanga ndekha ndi chingwe. Njira ndi ya Kumigodi, kudutsa m'Zaire, kuwoloka Luapula pa pantuni, chibwato chowolotsa magalimoto. Mawa kapena mkuja afika. Ndawagulira mabanzi ndi nthochi. Pawindo ati, "Muzidya, Bashi Kampamba. Osati mabanzi chabe."

Basi yanyamuka mochedwa. Ndaima mpaka fumbi litakhazikika. Kuntchito ndafika nthawi yabwino. Ya mateche.

Loweruka, 9 Meyi

Kwayamba kuzizira. Ndikudyera mumphika, choimirira. Mbale ziwiri zija zili pashelefu, ina pamwamba pa inzake. Sindizikhudza.

Uthenga wafika kwa Keziah ndi dalaivala wa lole ya nsomba: anafika bwino, akukumba chinangwa, alowa kwaya. Ndafunsa ngati anafunsa za ine. Keziah wati anafunsa ngati mtengo wa mapeyala ukuthiriridwa.

Ndauthirira.

Loweruka, 13 Juni

Filimu siinabwere. Ba Chomba ati mlamu wawo anaipereka, zotsala ndi za a positi.

Ndayamba kupuma Lamulungu lililonse, Ezekiel akugwira. Kupuma kwake ndi kukhala pakhonde kuyang'ana mpanda. Kanyumba ka zipinda ziwiri kakula ngati holo. Shuga uja watha, pobisira papezeka kandalama ndi singano.

Buku latsopano la mafilimu lafika. Ndayang'ana, sindikudziwa chifukwa. Za Khirisimasi zawonjezeka. Za Pasaka zomwe zija, masautso ndi mazira.

Ndawasowa. Ndalemba, ndawerenga, ndi zoona.

Lamulungu, 5 Julayi

Ku Chelstone, andiitana kuti ndikadye nawo. Febby wagwada ndi madzi osamba m'manja, wandiika pampando wa mwini nyumba. Khanda layamba kukwawa, likukoka zingwe za nsapato zanga.

Ndadya mwakachetechete, maso m'mbale, ndamaliza ena asanafike pakati. Kenako ndangokhala, manja osowa poika. Iwo akudya pang'onopang'ono, akukangana za mtengo wa ufa, akulandana fupa, akuseka. Febby anaganiza kuti ndiwo sizinakome. Zinakoma. Kudya ndi anthu ndiye sindikudziwa, ndazindikira lero, wa imvi kale.

Basi yobwerera inachedwa. Mphepo.

Lachinayi, 20 Ogasiti

Yafika. Kaphukusi kodzaza masitampa, m'kati kagudumu kokwana m'chikhatho. M'makina athu aakulu sikangalowe, Ba Chomba andibwereka awo aang'ono a kunyumba. Ndaiunika padzuwa: tianthu ngati nyerere, chithunzi chilichonse chofanana ndi chinzake.

Sindiionera ndekha. Ana abwere Lamulungu masana.

Mphepo ya Ogasiti, fumbi m'maso, mapepala m'mipanda.

Lamulungu, 23 Ogasiti

Mabulangete m'mawindo, nsalu ya pabedi pakhoma. Kampamba, Febby, Keziah, ndi aneba odziitana okha.

Mitundu yatuluka bwino. Kuwala ndinayeza bwino, tayi ya Kampamba yofiira ngati phwetekere. Anthu chilili, maso otuzula, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chikuyenda ndi masamba a mapeyala ndi phazi la khanda. M'nyumba kuseka mpaka misozi. Febby wati tinatumiza filimu kunja kwa dziko kuti atitsukire foto imodzi. Ine ndimaona kachipsera kumanzere ndi pamene kamera inagwedezeka.

Keziah yekha sanaseke. Wati, "Batata, bwezani. Osayangana ise. Yanganani kumbuyo, Bamayo."

Ndabweza.

Kumbuyo kwa mzere, pakati pa phewa la Kampamba ndi wigi ya Keziah, tebulo likuoneka. Bana Kampamba akugawa. Mbale ya aliyense pamalo pake. Atenga yanga, ya mkombero wabuluu, aikamo mpunga, asankha nyama mumphika mosafulumira. Akoka mpando wanga, aupukuta ndi chitenje. Kenako adzutsa mutu, ayang'ana kuno, kwa ine. Akweza mbale pang'ono. Milomo ikuyenda. Mawu palibe, koma dzina langa ndimalidziwa pamilomo imeneyo. Adikira. Akwezanso. Adikira, mbale m'manja, nthawi yaitali ndithu pa filimu yaifupi chonchi. Kenako aiika pansi, atenga inzake, avundikira. Abweza mpando. Filimu yatha.

Ndinali pomwepo. Mtunda wake ngati kuchoka pabedi kufika pachitseko. Diso langa linali pa iwo m'kagalasi, ndipo sindinawaone.

Kagudumu kamangozungulira, mchira wa filimu ukumenya makina. Aneba anatsanzika mwaulemu. Kampamba wati, "Manje mwaipeza filimu yanu ya Pasaka." Sananene mwachipongwe.

Atapita ndaionera kambirimbiri. Ndinafuna kuimitsa pamene akukweza mbale, koma ukaimitsa nyali imawotcha filimu. Ndimangowasiya avundikire, ndibwezenso, andiitanenso. Ndalira, ine Dunstan.

Lolemba, 24 Ogasiti

Ndapempha tchuthi. Ba Chomba afunsa kuti ndibwera liti. Ndati sindinakambe zobwera. Aseka, kenako aona kuti ine sindikuseka. Ezekiel agwira masiku ena. Za Loweruka adziwa okha.

Ndalongedza makina aang'ono aja, filimu, nsalu, waya wautali. Akaione basi, aone kuti ndaona. Kaya kwa Virginia kuli magetsi. Keziah wadzera pochoka kuntchito, waona katundu, wati, "Mukatenga makina muzaimilila futi kumbuyo kwake." Mwanayu anatengera mayi ake pakamwa.

Ndakhala pabedi nthawi yaitali, katundu ali pakati pa nyumba.

Lachiwiri, 25 Ogasiti, Kamwala

Makina ndasiyira Keziah abweze ku Kabulonga. Filimu ili m'kabati. Mapeyala athirira aneba.

M'chikwama malaya awiri, bulangete, ndi mbale zija. Ndazikulunga m'thaulo kuti zisalire m'njira.

Uthenga sindinatumize. Mwina andilandira, mwina andipatsa khasu, mwina andikweza basi yomweyi. Zonena sindinakonze. Ndayesa ndili pamzere wa matikiti, zonse zikumveka ngati za m'mafilimu a Khirisimasi, ndipo ku Mansa kulibe chipale choti ndithamangemo. Ndingofika nthawi ya chakudya. Nditulutse mbale, imodzi ndiwapatse, inayo ndigwire ndekha, ndikhale pansi. Zonse ziwiri zoyang'ana kumwamba.

Akuitana a ku Mansa.